Mmene ndimathandizira ana a pulayimale kupeka ndi kulakatula ndakatulo zawozawo kuno ku Nkhotakota

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a sitandade 5, 6 ndi 7, iyi ndi yanu. Ine ndimaphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota ndipo kwa nthawi yaitali ndinkati ndikauza ana kuti lembani ndakatulo, zomwe zinkabwera zinali ngati onse akopera kwa munthu mmodzi. Edzi iwe Edzi watimaliza. Maphunziro ndi chuma. Tisamale mitengo abale. Kope loyamba zomwezo, lachiwiri zomwezo, kufika pansi pa mulu wa makope zomwezo basi. Nkhani zimenezi nzofunika, sindikukana ayi, koma chinkandiwawa nchoti mwana mwiniwakeyo munalibemo. Mwana woti wadzuka 4 koloko kukathandiza mayi ake kuyanika usipa pa thandala, wabwera mkalasi manja akununkhabe nsomba, koma mu ndakatulo yake mulibe nyanja, mulibe bwato, mulibe ngakhale dzina la nsomba imodzi. Ndinadzazindikira kuti vuto si anawo. Ndakatulo zomwe amazimva kawirikawiri ndi za pa misonkhano ya mabungwe, zija zokhala ndi uthenga umodzi wokonzeratu, ndiye iwo amaganiza kuti ndakatulo ndi chimenecho. Sanamvepo ndakatulo yoti munthu anaipeka chifukwa china chake chinamugwira mtima.

Nde njira yomwe ndimatsata pano ndi yoyambira pa ndakatulo yakale yodziwika bwino, ana aimve ndi makutu, kenako abwerekemo chinthu chimodzi chokha n'kupeka yawo yoti akalakatule pagulu. Zimanditengera masabata awiri, pang'ono pa piriyodi ya Chichewa, pang'ono pa Expressive Arts, kwinako kukilabu masana.

Kusankha ndakatulo yoyambira

Apa musathamange. Sankhani ndakatulo yoti inuyo mumaikonda, chifukwa ana amadziwa msanga ngati mphunzitsi akuwerenga chinthu chomwe sichikumukhudza. Ine ndimagwiritsa ntchito ya a Benedicto Wokomaatani Malunga ija, Ndidzakutengera kunyanja Ligineti. Ndi ndakatulo ya chikondi cha akuluakulu choncho muiwerenge kaye nokha kunyumba musankhe ndime zoyenera msinkhu wa ana anu, simukuyenera kuwapatsa yonse ayi. Chomwe ndimaikondera kuno kwathu nchakuti woyankhula akulonjeza munthu kuti adzamutengera kunyanja ngati malo a mtengo wapatali, pomwe ana anga nyanja yomweyo ndi potsukira mbale, pochapira yunifomu, posambira mmawa uliwonse. Tsiku loyamba kuimva mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, kunyanja kwake kuti, konkuno?" Ndinati eya konkuno. Kalasi yonse inangoti zii. Sanaganizepo kuti pali anthu ku Lilongwe kapena ku Mulanje amene amalota kudzafika pomwe iwo amatayirapo mamba a nsomba.

Ngati sukulu yanu ili kumtunda, kaya ku Mwansambo uko, kapena imeneyi simukuipeza, ya a E.J. Chadza ija Likongolerenji Bokosi imagwiranso ntchito, ngakhale nkhani yake ndi yolemera ndipo imafuna ana okulirapo. Funsani aphunzitsi a Chichewa a ku sekondale yoyandikana nanu, ambiri mabuku amenewa ali nawo, kapena yang'anani ku TDC, malo aja amene aphunzitsi a mu zoni timakumanirako pa maphunziro a ntchito yathu. Mukaipeza mukopere pa tchati kapena kuseri kwa pepala la thumba la simenti, koma musaipachike kaye.

Tsiku loyamba ndi la makutu basi

Musalembe kalikonse pa bolodi. Ndikubwereza, choko chikhale mthumba. Mukangolemba, ana ayamba kukopera ndipo mitu yonse igwada pansi, ndakatulo yathawa. Atulutseni panja pansi pa mtengo wa mango ngati ulipo, makope asiye mkalasi, inu muime muilakatule. Yesetsani kuiloweza, ngakhale ndime ziwiri zokha, chifukwa maso anu akakhala pa ana osati pa pepala nawonso amakuyang'anani. Lakatulani kawiri. Kachiwiri auzeni atsinzine. Mukatha musafunse mafunso a mayeso aja oti woyankhula ndani, woyankhulidwa ndani, phunziro ndi lotani, amenewo adzabwera nthawi yake. Funsani kuti mwaona chani mutatsinzina? Ndi mawu ati amene atsalira mkhutu? Pena pake ndinakweza mawu, pena ndinatsitsa, mwamva pati? Mudzadabwa kuti ana omwe sayankha mkalasi, aja amakhala kumbuyo chifukwa kuwerenga kumawavuta, ndi amene amagwira msanga zimenezi. Kuno tili ndi mwayi wina woti ana ambiri anazolowera kale kuloweza, ena ku madrasa ena ku Sande sukulu, ndiye khutu lawo ndi lakuthwa kale, timangolisiya osaligwiritsa ntchito.

Kuchotsa msana wa nsomba

Tsiku lachiwiri ndiye pachikani tchati chija. Ine ndimawauza chonchi: mukadya chambo bwinobwino, mnofu wonse watha, chimatsala nchani? Onse amayankha kuti msana ndi minga. Nde ndimati ndakatulo nayo ili ndi msana wake. Mawu onse okomawa ndi mnofu wa mwiniwake, sitiwatenga, kutenga amenewo ndi kuba. Ife tikufuna msana wokha, tiikepo mnofu wathu. Tiyeni tiufune.

Zimatenga kanthawi koma amaupeza okha. Mu ya kunyanja ija msana wake ndi woti munthu akuyankhula ndi mnzake mmodzi, akumulonjeza ulendo wopita kumalo okoma. Basi. Mu ya a Chadza, mutu wake womwewo ndi funso lokhudza chinthu chomwe tonse timachiona koma osachifunsa, ndiye ana akhoza kufunsa zawo, bwanji nkhungu zimatuluka mnyanja ngati utsi, bwanji ngwazi ya usodzi imagona pa mphasa yong'ambika. Mukapeza msanawo lembani mchiganizo chimodzi pa bolodi, kenako chotsani tchati chija mukachisunge. Izi nzofunika kwambiri, chikakhala pakhoma ana amangosintha mawu awiri atatu n'kumati ndapeka.

Kalasi yanga inagwirizana kuti iwo sangalonjeze munthu kumutengera kunyanja poti ali kale kunyanjako, ndiye anautembenuza msana uja, anati ife tiziitana. Mawu awo obwerezabwereza anakhala "Bwera kwathu". Sindinawapatse ine, anatuluka mkamwa mwa mtsikana wina wa sitandade 6 ndipo anzake anawombera mmanja pompo. Kenako aliyense asankhe munthu mmodzi weniweni amene akumuitana, msuweni wa ku Kasungu amene sanaonepo nyanja, malume amene ali ku Joni, mwana wongobadwa kumene, ngakhale agogo omwe anamwalira. Musalole zoti "abale ndi alongo" kapena "a Malawi anzanga", mwana akayamba choncho amabwerera ku ndakatulo za pamsonkhano zija. Munthu mmodzi, wankhope yodziwika.

Kukatola mawu

Gawo ili ndi lomwe ine ndimalikonda ndipo ndi lomwe limasintha zonse, ndiye musalidumphe ngakhale silabasi ikukuthamangitsani. Ana sangalembe za kwawo ngati sanayang'anitsitse kwawoko. Amakuona tsiku lililonse koma sakuyang'ana. Ndiye homuweki ya tsiku limenelo si yolemba ndakatulo ayi, ndi yotola. Aliyense abwere ndi zinthu zisanu, chimodzi chomwe waona, chimodzi chomwe wamva, fungo limodzi, chimodzi chomwe wagwira kapena kulawa, ndi liwu limodzi lomwe wafunsa kwa munthu wamkulu lomwe silili m'buku la sukulu. Chachisanuchi ndi golide. Ana anabwera ndi mayina a mphepo, mwera uja wochokera kummwera umene umakuntha nthawi yozizira mpaka mabwato osalowa pamadzi, mpoto wa nthawi ya dzinja, vuma wochokera kuvuma. Anabwera ndi chilimira, ukonde uja wophera usipa ndi utaka, ndi siginala amene amatsogola ndi nyali kukopa usipa, ndi alovi okoka khoka, ndi nkhafi. Anabwera ndi nsomba zomwe ine ndemwe ndinali kuzidya osazisiyanitsa bwino, utaka, mcheni, kampango, batala, ndi mpasa umene umakwera mumtsinje wa Bua kukaswana. Amene makolo awo ndi alimi anabwera ndi mawu a ku dimba la mpunga ndi a poviika chinangwa cha kondowole. Ana a mbali ya Dwangwa atha kubwera ndi za mzimbe ndi utsi wa pootcha minda, ndi mawu a Chitonga, enanso Chiyao. Alekeni alowetse. Liwu la kunyumba likalowa mu ndakatulo mwana amaima mowongoka polinena, ndipo si nthawi ya galamala ino.

Ngati a hedi alola ndipo muli ndi mphunzitsi mnzanu wokuthandizani kuyang'anira, pitani nawo kudoko mmawa umodzi mabwato akamafika, aime chapatali ndi madzi, angomvetsera mphindi zisanu osayankhula. Pobwera muwafunse mamvekero okha. Mafunde amati bwanji? Wina phwaa, wina khuu, wina akuti ayi lero nyanja ili phee. Usipa pa thandala dzuwa likawala? Waliwali. Mdima wa pamadzi? Bii. Chichewa chathu ndi cholemera pa mvekero ndipo polakatula palibe chomwe chimagwira anthu ngati mvekero woikidwa pamalo pake, komatu ana amaopa kuulemba poganiza kuti si Chichewa cha mkalasi. Auzeni kuti ndi chenicheni.

Musaiwale kuti Nkhotakota si nsomba zokha. Ana a pafupi ndi boma amadutsa pa mtengo uja umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo kuno, m'zaka za m'ma 1860 kukamba za kuleka malonda a akapolo, ndipo ambiri amangodziwa kuti ndi za mayeso a Social. Afunseni kuti mtengowo ukanakhala ndi pakamwa ukananena chani za anthu omwe ankawakweza m'zombo pano kuwolokera tsidya lija osabwereranso. Alipo amene amakumbukira kapena anamva kwa makolo za njovu pafupifupi 500 zomwe anazibweretsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 kudzaziika mnkhalango yathu ya Nkhotakota. Mnyamata wina anapeka mzere woti bwera kwathu kumene njovu zinabwera pa lole ngati akwati, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira ndimasangalala. Kuli nyanja yaing'ono ya Chia, kuli madzi otentha a ku Mawira, kuli gule wa chioda. Zonsezi ndi mnofu.

Pekani ndi pakamwa, cholembera chibwere pambuyo

Apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa. Timati tsegulani makope lembani, ndiye mwana amene kulemba kumamuvuta wagwa kale asanayambe, pomwe mwina ndi iyeyo mlakatuli weniweni mkalasimo. Ndakatulo yolakatula imabadwira mkamwa. Agaweni mmagulu a ana 6 kapena 8, kalasi ikakhala yaikulu ngati zathuzi magulu amachuluka ndipo phokoso limakhalapo, atulutseni panja gulu lililonse pamthunzi pake. Gulu lililonse likhale ndi mlembi mmodzi yekha. Lamulo ndi loti mzere sulembedwa usananenedwe mokweza katatu ndipo gulu lonse lavomera kuti ukukoma mkamwa. Ukamakola lilime, kapena mwana akutha mpweya asanafike kumapeto, ndi wautali, audule.

Ine ndimayendayenda ndi funso limodzi lokha, unaona ndi maso ako? Mwana akati kwathu nkokongola kwambiri ndimati chokongola nchani, ndionetse. Akati nyanja, ndimati nthawi yanji, uli pati iweyo, pali ndani? Gulu lina linayamba ndi mzere woti "nyanja yathu ndi yokongola usiku". Ndinawafunsa mafunso omwewa mpaka mnyamata wina amene bambo ake ndi siginala anati usiku wopanda mwezi nyali za asodzi zimaoneka ngati tauni. Ndinati tauni yotani? Anayamba kulimbirana kuyankha. Pomaliza ndime yawo inatuluka chonchi:

Bwera kwathu msuweni, bwera
Ubwere mwezi utabisala
Udzaone tauni ya nyali pakati pa madzi
Tauni yopanda msewu, yopanda chitseko
Ikamacha tambala asanalire kachitatu
Yapasuka, yasanduka usipa pa thandala
Waliwali!

Palibe liwu lovuta mmenemo, palibe mwambi wokakamiza, koma aliyense wa kuno akaimva amaiona. Gulu la atsikana linabwera ndi iyi:

Bwera kwathu udzagwire dzanja la mayi anga
Likununkha utsi wa mcheni, usalikane
Ndi lomwelo linagula yunifomu ndavalayi

Ndipo ena anati kondowole wa kwathu amakakamira mdzanja ngati mwana wokana kutsika kumsana. Chifanifani choterocho simungachipeze m'buku, ndipo pamenepo mpomwe ndimawauza kuti chimene mwapangachi dzina lake ndi chifanifani, kubwereza "bwera kwathu" kuja ndi chibwereza, kupatsa mtengo pakamwa kuja ndi umunthu. Mayina a nsinjiro za chiyankhulo amalowa bwino mwana akayamba wapanga yekha chinthucho, ndipo akadzafika sitandade 8 pokonzekera mayeso a MANEB sachita kuloweza mwakhungu.

Kunena za miyambi, ana amakonda kuithira yambiri poganiza kuti ndiye ukatswiri. Ine ndimalola umodzi pa ndakatulo yonse, ndipo mwana afotokoze chifukwa chomwe wauikira pamenepo. Za kufananitsa mathero a mizere musawakakamize, m'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo la liwu ndiye nkosavuta kuti mwana aziika liwu lopanda tanthauzo kungofuna kuti ligwirizane ndi lapamwamba. Kugunda kwa mzere ndi komwe kuli kofunika, aombe mmanja akamanena amve ngati ukuyenda.

Magulu akatha, aliyense amene akufuna apeke yake payekha kunyumba. Ena amabweretsa, ena ayi, zilibe kanthu. Pochonga musagwiritse bolopeni yofiira pa ntchito imeneyi, ine ndimangolemba mzere pansi pa mawu omwe andigwira n'kumuuza mwanayo kuti apa ndiye pali moyo, onjezera zoterezi. Masipelo tidzakonza pokopera komaliza.

Pali china choti mukhale okonzeka. Mukatsegula ana pakamwa chonchi zimatuluka ndi zowawa zomwe. Mtsikana wina anasankha kuitana bambo ake amene anapita pamadzi nthawi ya mwera osabwerera, ndipo atafika pakati anakanika kupitiriza, misozi. Musamukakamize kumaliza komanso musamuuze kuti asinthe mutu. Ndinakhala naye pambali nthawi ya buleki, ndinamufunsa ngati akufuna kuti anthu aimve kapena ikhale yake yokha, anasankha kuti mnzake wapamtima aime naye azinena mizere yovutayo. Ndinakaonananso ndi mayi ake kaye tisanaitulutse pagulu. Ndipo mwana akalemba zosonyeza kuti akuchitiridwa nkhanza kunyumba kapena kwina kulikonse, imeneyo si ya pa asembule ayi, kambani ndi a hedi ndi amayi a mother group mwachinsinsi tsiku lomwelo kuti mwanayo athandizidwe.

Kulakatula kwenikweniko

Ana athu akamva kuti kulakatula amaganiza kukuwa. Dzanja limodzi pachifuwa, lina kumwamba, kuyenda uku ndi uku, mzere uliwonse pamwamba mpaka mawu kusasa. Amatengera zomwe amaona pa misonkhano. Ine ndimayamba ndi kuwauza anene ndakatulo yonse monong'ona, ngati akuuza mnzawo chinsinsi mtchalitchi kapena mu mzikiti. Kenako ainene ngati akuitana munthu amene ali mbwato patali. Kenako ndimafunsa, mzere uti ukufuna kunong'ona, uti ukufuna kuitana? Asankhe okha, mlembi aike chizindikiro pa pepala, kamtanda pokweza, kadontho potsitsa, kamzere koimirira popumira.

Kupuma ndi kumene kumavuta kwambiri. Mwana wamantha amathamanga kuti athane nazo akakhale pansi. Ndimawaphunzitsa kuwerenga chamumtima, wani, thuu, pambuyo pa mzere wolemera, ndipo ndimawauza kuti chete ameneyo ndi mbali ya ndakatulo, anthu akumeza kaye. Pa ndime ya tauni ya nyali ija, akati "yapasuka" amaima, onse zii, kenako mwana mmodzi wa mawu ang'ono amamaliza, ndiye gulu lonse limodzi "waliwali!" zala zikugwedezeka mmwamba. Manja azichita chomwe mawu akunena basi, kupalasa ngati ndi nkhafi, kukoka ngati ndi khoka, osati kungowaponya. Mapazi aime pamodzi pokhapokha pali chifukwa choyendera.

Gwiritsani ntchito zomwe ana akudziwa kale za kutsogola ndi kuvomera, monga pa nthano wina akati padangotero onse tilitonse, kapena pa nyimbo za pamtondo. Mmodzi akati "Bwera kwathu" kalasi yonse ivomere "Bwera!" Izi zimathandiza kuti ana onse akhale ndi gawo ngakhale amanyazi, ndipo tsiku la chionetsero makolo nawo amayamba kuvomera okha osauzidwa. Ng'oma ikhalepo ngati ilipo, chigubu chopanda madzi chimakwananso, koma izilira pakati pa ndime osati pamwamba pa mawu. Ndinaonapo ndakatulo yabwino ikumira chifukwa woimba ng'oma anatenthedwa.

Poyeserera muike mwana mmodzi kumapeto kwa bwalo la mpira, akweze dzanja akasiya kumva. Kusukulu zathu zambiri maikolofoni kulibe, ndipo ngakhale itabwerekedwa magetsi kapena batire ikhoza kukukhumudwitsani pa tsikulo, ndiye azolowere kutulutsa mawu kuchokera mmimba osati pakhosi. Kumbukiraninso mphepo, kuno mwera ukamaomba mawu amauluka, ana aime mphepo ili kumsana kwawo kuti iziwatengera mawu kwa anthu. Mapepala asiye masiku atatu chionetsero chisanafike. Wina akaiwala mzere, mnzake wapambali aunene limodzi naye ngati zinakonzedwa choncho, tinapangana kuti palibe kuseka komanso palibe kuyambiranso.

Achitire kuti

Yambani pang'ono. Kalasi yoyandikana nayo kaye, kenako asembule ya Lolemba kapena Lachisanu, kenako tsiku lotsekera teremu makolo akabwera kudzamva zotsatira. Ngati mukufuna tsiku lapadera, 21 Malichi ndi tsiku la ndakatulo padziko lonse, UNESCO inalikhazikitsa mu 1999, ndipo limagwa sukulu zili mkati mwa teremu yachiwiri. 21 Febuluwale ndi la chiyankhulo cha makolo, loyenera kwambiri ndakatulo zokhala ndi mawu a Chitonga ndi Chiyao zija. 16 Juni ndi la mwana wa mu Africa, lokumbukira ana a sukulu a ku Soweto a mu 1976 amene anaguba kukana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo chowakakamiza, ndipo ana akamva mbiri imeneyi amalakatula m'chiyankhulo chawo ndi mtima wina. Kambiranani ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale aja, kuti sukulu za mu zoni yanu zikumane pa TDC, koma ine ndimapempha kuti chaka choyamba pasakhale nambala wani ndi nambala thuu. Mpikisano ukalowa msanga aphunzitsi timayamba kuwalembera ana tokha kuti sukulu yathu iwine, ndipo zimamveka, mwana wa zaka 11 akulakatula mawu a munthu wa zaka 40 omwe sakuwamvetsa. Mukhozanso kukafunsa ku Nkhotakota Community Radio ngati angawapatse mpata pa pologalamu ya ana, mwana akadzimva pa wailesi mudzi wonse umadziwa.

Musanayambe chionetsero mwana mmodzi anene kuti ndakatulo yathu tinaipeka titamva ndakatulo yakuti ya a uje, atchule dzina la mlakatuliyo bwinobwino. Ndi ulemu, komanso ana amaphunzira kuti kubwereka msana n'kunena komwe wabwereka ndi kosiyana ndi kuba.

Pa asembule yathu yoyamba kunabwera amayi ochepa ogulitsa zitumbuwa ndi chinangwa chophika pageti, anangoima chapatali ndi mabeseni awo. Atsikana aja atafika pa mzere wa dzanja lonunkha utsi wa mcheni, mayi wina anatula beseni pansi n'kuyang'ana mmanja mwake, kenako nthungululu. Mwana wake sanali mgululo nkomwe.

Za mafoni, jambulani mawu kapena vidiyo kuti ana adzionere okha mawa lake, amaphunzira zambiri akadzimva pomwe anathamanga ndi pomwe anameza mawu. Koma musaike nkhope za ana pa Facebook kapena mmagulupu a WhatsApp makolo ndi a hedi asanavomere, ndipo mayina awo onse ndi mudzi wawo musalembe. Mawu okha opanda chithunzi amakwana kutumizira aphunzitsi anzanu.

Pomaliza penipeni aliyense akopere ndakatulo ya gulu lake mwaukhondo, apa ndiye tikonze masipelo ndi zizindikiro za mkalembedwe. Ine ndimasonkhanitsa mapepalawo, chikuto ndimadula pa katoni ya sopo, timasoka ndi singano ndi ulusi wa khoka lakale, pamwamba timalemba sitandade ndi chaka. Kabuku kameneka kamakhala mu ofesi ya a hedi mu pulasitiki chifukwa cha chiswe ndi chinyezi, ndipo chaka chotsatira ana atsopano akamva ndakatulo yakale ija tsiku loyamba, tsiku lachitatu ndimawawerengera ndime imodzi ya akulu awo a chaka chatha kuchokera mmenemo, kenako ndimakatseka n'kuwatuma kukatola mawu awo.